Elof ndi Maliro Osafika Kumanda

Kuno ku Hindriksvik, munthu akati "nkhani imeneyo ndi ya Elof," amatanthauza kuti nkhaniyo ndi yoona ndithu, kungoti yachedwa ndi zaka mazana awiri. Elof Granlund, mlamu wanga, anali munthu woyenda ndi nkhani. Bodza analibe, ngakhale kuthira mchere sankathira. Vuto lake linali limodzi: anthu onse a m'nkhani zake anamwalira kalekale, ndipo iye sankaona chifukwa choyambira ndi mfundo imeneyo.

Tsiku lina, nthawi imeneyo tikadali ndi sitolo, analowa kwa Birger mwini sitoloyo, mvula ili chuchuchu m'chipewa, akupuma wefuwefu.

"Anthuni, mwamva? Chimbalangondo chagwira ng'ombe kuseri kwa phiri. Ng'ombe yake imodzi yomweyo, ana onse amadalira mkaka wake!"

Birger anasiya sikelo. Amuna awiri amene ankamwa khofi pakona anadzambatuka, wina n'kuyamba kale kufunsa kuti mfuti yapafupi ili kwa ndani.

"Ng'ombe ya ndani?" anafunsa Birger.

"Ya Hindrik."

"Hindrik wake uti? Kuno kuli Hindrik?"

"Hindrik mwini mudzi uno! Agogo awo a agogo awo a bambo ako. Ndaziwerenga dzulo m'mabuku akale a khothi."

Amuna aja anakhala pansi pang'onopang'ono. Birger anabwerera pasikelo pake.

"Elof, gula zimene wadzera, uzipita."

"Ndiye simukumva chisoni?"

"Timva mawa."

Hindrik ameneyu ndiye anayamba kugwetsa mitengo m'mbali mwa nyanja yathuyi. Anabwera wapansi kuchokera kunyanja yamchere, ali ndi mkazi, nkhwangwa, mphika ndi ng'ombe ija, n'kumanga kanyumba pamalo pamene lero pamaima basi, basi yake yobwera ikafuna. Anthu a mtundu wa Asami, amene makolo awo ankadyetsa ziweto kuno iye asanabadwe n'komwe, amaseka tikamati Hindrik ndiye woyamba, ndipo akulondola. Koma ife a m'mudzi muno ndi midzi ya kumunsi kwa mtsinje tonse tinachokera mwa iye, ndipo Elof ankadziwa mmene tinalukanirana. Tsiku limene ine Sixten ndinkakwatira mlongo wake wamkulu, Gunvor, Elof anali asanamere ndevu. Anaimirira pakati pa chakudya n'kulengeza kuti mkwati ndi mkwatibwi ndi pachibale mbali zitatu. Akanafotokoza mbali zonsezo amayi ake akanapanda kumukoka jekete.

Ndikanadziwa, ndikanathawa tsiku lomwelo.

Elof ankagwira ntchito kufakitale yocheka matabwa mpaka inatsekedwa. Sanakwatire, sanaphunzire kuyendetsa galimoto, ndipo bwato analibe. Ine ndinali ndi zonse zitatu, mkazi, galimoto ndi bwato, ndipo Elof ankaziona ngati katundu wa banja. Loweruka m'mawa, munthu ukuti upumitse msana, umangomva kugogoda.

"Alamu, mwadzuka? Ndaona utsi."

"Utsiwo si chiitano."

"Tangotsegulani. Mwana wa Hindrik wachitatu uja, amene ndinati anafa ndi chikuku, wapezeka. Ali moyo, wakwatiwa kumapiri."

"Mupatseni moni."

"Tiyenera kupita kutchalitchi cha kumeneko, tikaone mabuku."

"Tiyenera? Ine ndi ndani?"

Tinkapita. Ndakhala m'galimoto panja pa matchalitchi ambiri kuposa bishopu. Elof ankalowa m'mawa, n'kutuluka dzuwa litapendeka, maso ali psuu, zala zili ndi fumbi, akumwetulira ngati wakumana ndi mnzake wa kusukulu. Ulendo wonse wobwerera ankandiuza za chaka chimene chisanu chinapsereza mbewu, Hindrik n'kudyetsa ana buledi wa makungwa a paini, za mlandu wa udzu wa m'dambo umene analimbirana ndi mnansi wake, za tsiku limene abusa anamufunsa katekisimu iye n'kulephera. Pa katekisimuyo Elof anakhala mlungu wathunthu wosasangalala.

"Munthu wachita kuyenda m'madambo kuti akafike kutchalitchi, mapazi ali chonyowa, ndiye uzimufunsa mafunso okola? Abusa amenewo analibe chifundo."

Zonsezi tinkaseka. Koma pansi pa nkhani zimenezi panali chinthu chimodzi chimene Elof sankachiseka, ndipo ndi chimene chinandidyera zaka zanga zabwino.

Hindrik anamwalira m'chilimwe, mtengo utamugwera. Masiku amenewo kunalibe msewu, ndipo tchalitchi chinali kutali, kuseri kwa madambo oti munthu wosenza bokosi sangawoloke. Ndiye munthu akafa m'chilimwe ankamukwirira mongoyembekezera pa kachilumba ka m'nyanja, pamene zilombo sizingafike. Chisanu chikabwera, madzi a m'madambo ndi m'nyanja n'kuundana gwa ngati mwala, abale ankabwerera, kumufukula, kumuika pa chileyi n'kumukokera kumanda a kutchalitchi. Aliyense wa kuno amene anafa m'chilimwe, m'buku la tchalitchi ali ndi masiku awiri, la imfa ndi la kuikidwa kwake m'nyengo yachisanu. Hindrik ali ndi la imfa lokha. Chisanu chotsatiracho mkazi wake anafa ndi malungo, ana anagawidwa m'makomo a anthu, ndipo chileyi sichinapite.

"Akudikirabe, alamu," ankatero Elof, mawu atatsika. "Munthu anatidulira nkhalango kuti ife tikhale, ife n'kumusiya pachilumba. Ine sindifa ndisanamufikitse kumanda."

"Zaka mazana awiri wadikira, walowa chizolowezi."

"Inuyo mukanakonda?"

Zikatero ndinkangopita kukakankha bwato.

Nyanja yathu ili ndi zilumba zochuluka ngati nthata, ndipo buku silinanene kuti ndi chiti. Elof anaganiza zoyamba ndi chakumpoto n'kumatsika. Chilimwe chilichonse, anthu anzeru ali kuthyola zipatso m'madambo kapena kugona pa dzuwa, ine ndinali kupalasa bwato, Elof atakhala kutsogolo ngati kapitawo, atakumbatira mgwala. Injini ankakana. Ankati Hindrik sanaimvepo injini, ingamudzidzimutse. Tikafika pachilumba ankayenda pang'onopang'ono, akubaya pansi ndi mgwala uja, khutu atatchera. Ine ntchito yanga inali kukoleza moto wa khofi ndi kudyedwa ndi udzudzu. Udzudzu wa m'zilumba zimenezo unandidziwa dzina. Elof sunkamuluma, ndikuganiza kuti unkaopa kuuzidwa mbiri ya makolo ake.

Chaka china, pa chilumba chokhala ndi mitengo yakugwa, mgwala unalira mwachilendo. Elof anagwada n'kuyamba kupalasa ndi manja. Panatuluka fupa, kenako lina.

"Alamu! Vulani chipewa!"

Ndinavula. Ndisaname, nanenso ndinakhulupirira.

"Tiyimbe."

"Ine sindidziwa kuyimba."

"Hindrik sadandaula. Yambani."

Tinayimba nyimbo ya maliro, amuna awiri akuluakulu, udzudzu ukulowa m'kamwa. Elof misozi ili mbwembwembwe. Titamaliza ndime zonse, ndipo iye ankazidziwa zonse, anapitiriza kufukula mwaulemu mpaka anafika kumutu. Anaugwira ndi manja awiri n'kuutulutsa. Tinauyang'ana kwa kanthawi.

"Alamu," ndinatero, "Hindrik wanuyu, mabuku akuti anali ndi nyanga?"

Elof anaika pansi mutu wa nkhosa uja, n'kuukwirira bwinobwino.

"Nkhani imeneyi isafike kusitolo."

Inafika tsiku lomwelo. Sindikudziwa kuti anaifikitsa ndani.

Tinatha zaka zambiri tikuchita zimenezi, mpaka tsiku lina tinabwerako titanyowa, ine msana utauma ngati thabwa. Gunvor anatiikira khofi ndi mabanzi, n'kukhala poteropo akuluka sokosi. Elof anayala mapu pathebulo n'kuloza chilumba cha mlungu wotsatira.

"Pamenepo mayi ankadyetsapo ng'ombe," anatero Gunvor, osakweza n'komwe mutu.

"Ng'ombe zinkasambira?" ndinafunsa.

"Zisambire chifukwa chiyani? Linali phiri. Zonse mukupitakozo anali mapiri. Madzi anakwera atamanga damu lija, iwe Elof ukadali wovala matewera. Zilumba zenizeni zili pansi."

Elof anachotsa chala pamapu. Za damu tonse tinkazidziwa, ndi lomwe limatipatsa magetsi, koma ine ndinakulira kumunsi kwa mtsinje, nyanjayi ndinaipeza ili chonchi. Elof naye anatsegula maso madzi atakwera kale, ndipo munthu wodziwa dzina la ng'ombe ya Hindrik anali asanaganizepo kuti nyanja ya Hindrik si imene ankaiona pawindo.

"Achemwali," anatero Elof, "mumadziwa nthawi yonseyi?"

"Ee. Kachilumba ka akufa kanali moyang'anana ndi pokocheza mabwato. Mayi ankatiletsa kuthyolako zipatso."

"Ndiye osanena?"

"Unandifunsa? Iwe umafunsa akufa okhaokha." Anatembenuza sokosi ija. "Komanso Loweruka m'nyumba muno mumakhala mtendere."

Ndinamuyang'ana mkazi wanga. Zaka zonse zija, matuza onse aja m'manja, magazi anga onse amene anapita ndi udzudzu.

"Imwani khofi, bambo, akuzizira," anatero.

Ndinkaganiza kuti basi, nkhani yathera pamenepo, munthu ali pansi pa madzi ndipo palibe chochita. Ndinali ndisanamudziwe mlamu wanga. Analembera a kampani yamagetsi kuti atsitse nyanja kwa kanthawi, pali maliro. Anamuyankha mwaulemu kwambiri, n'kumutumizira kalendala yokhala ndi chithunzi cha nyanja yathu yomweyi. Elof anaipachika m'chimbudzi.

Kenako anagwira mfundo ina. M'nyengo yachisanu a magetsi amatapa madzi pansi pa madzi oundana, nyanja n'kumatsika mwakachetechete, ndipo pofika mwezi wa Epulo denga loundanalo limakhala litatsika nayo. Pamene pali mwala kapena chilumba chomira, madzi oundana amakhalira pamwamba pake n'kutumphuka, nthawi zina n'kung'ambika. Ndiye Epulo aliyense tinkapita pa njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa kukaona ngati kachilumba kaja katukula mutu. Chaka ndi chaka tinkapeza poti see, poyera ngati nsalu ya pathebulo. Elof ankagona chafufumimba, kuika khutu pansi.

"Mukumva chiyani?"

"Madzi."

"Ndiye tiyeni kunyumba."

"Chaka chamawa atsitsa kwambiri."

Zaka zimenezo ndi zomwe mudzi wathu unayamba kutha. Sukulu inatsekedwa. Birger anatseka sitolo n'kutsatira mwana wake kumzinda. Nyumba zinayamba kuyaka magetsi m'chilimwe mokha, eni ake akabwera kutchuthi. Elof ankayendabe ndi nkhani zake, koma makomo ogogoda anachepa, ndiye zonse zinkathera pakhomo panga. Ndinatopa, ndinene mosabisa. Ndinatopa ndi Hindrik, ndi ng'ombe yake, ndi ana ake, ndi udzu wake wa m'dambo. Masiku ena ndinkamuona Elof akubwera pamsewu, atawerama, chikwama cha mapepala chili kukhwapa, ine n'kukabisala m'shedi ya nkhuni ngati mwana. Iye ankangobwera molunjika, kukhala pa chitsa panja pa shediyo, n'kuyamba kufotokozera chitseko.

Abusa athu, a Margit, anawapitira kangapo kuti asungiretu malo kumanda.

"A Elof, ine ndilibe vuto ndi Hindrik," ankatero abusawo. "Bweretsani munthuyo, ndimuika. Koma sindingakumbitse manda a munthu amene palibe."

"Alipo, abusa. Kungoti ali pansi pa magetsi."

"Akatuluka mundiuze."

Kenako Elof anagwa. Anamupeza pansi m'khitchini mwake, mbali imodzi itafooka, ndipo atatuluka kuchipatala anamupititsa kunyumba yosungirako okalamba m'tauni. Kulankhula kunabwerera, mwatsoka la anamwino, koma miyendo inabwerera theka. Ine ndinati tsopano ndipuma. Chaka chomwecho mvula inavuta, chisanu chinakhala chowawa, a magetsi n'kutapa madzi kuposa kale lonse. Tsiku lina mu Epulo ndinayang'ana pawindo, ndipo moyang'anana ndi pokocheza mabwato panali chotumphuka, chong'ambika pakati, m'mng'aluwo mukuoneka chinthu chakuda.

Ndikanatha kukhala chete. Ndinakhala chete mpaka nthawi ya nkhomaliro.

"Mukamutenga kapena ndikamutenge ndine?" anafunsa Gunvor, yemwe nayenso anali ataona.

"Munthu wake sayenda."

"Chileyi chilipo."

Anamwino anakana, Elof anawauza mbiri ya agogo awo mpaka anavomera. M'mawa mwake tinamukulunga m'mabulangete, tinamukhazika pa chileyi, ndipo ndinayamba kumangirira chileyicho ku njinga yamoto.

"Ayi, alamu. Injini ayi."

"Elof, ndatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Mawondo anga ndi achitsulo, anaika adokotala."

"Ndiye ndi olimba. Kokani."

Ndinakoka. Gunvor ankakankha kumbuyo, akutukwana mwakachetechete. Dzuwa linali lowala mothobwa m'maso, chipale chikulira pansi pa nsapato, ndipo Elof pa chileyi paja ankalankhula osapuma: kuti tikamutenga tidzere njira yakale ya kudambo, kuti belu lilire, kuti adzukulu onse aitanidwe ngakhale a ku Amereka. Ine ndinalibe mpweya womuyankhira.

Titafika, tinamuthandiza kutsika, n'kumugwiriziza mpaka pamng'alu. Unali waukulu woti munthu n'kulowa. Tinasuzumira tonse atatu.

Munali miyala yokhayokha. Mwala waukulu wosalala, timiyala ting'onoting'ono m'ming'alu mwake, ndi chitsa chimodzi choyera ngati fupa koma chili chitsa. Dothi munalibe ngakhale lodzaza supuni. Zaka zonse zija madzi akukwera ndi kutsika, madzi oundana akupala chaka ndi chaka, zinakokolola chilichonse chimene chinali pachilumbapo, udzu, mizu, dothi ndi zonse zimene dothilo linkasunga.

Elof anayang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti anena kuti talakwitsa malo, kapena kuti chaka chamawa. Sananene. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, mlamu wanga analibe nkhani.

"Tachedwa," anatero pomaliza.

"Inu simunachedwe, alamu. Anachedwa ndi ena."

"N'chimodzimodzi kwa wodikira."

Gunvor anatsegula chikwama, n'kutulutsa chitini chimene tinkasungiramo khofi wa paulendo. Anakhuthulira khofi yense pachipale, khofi wabwinobwino, n'kupatsa mchimwene wake chitinicho. Elof anagona pansi, anapisa dzanja lake labwino lija mumng'alu, n'kuyamba kutola timiyala ndi mchenga wa pakati pake. Anatola mpaka chinadzaza, zala zitachita buluu. Tinamukweza pa chileyi, chitini chili pamiyendo, ine n'kugwira chingwe.

"Musathamange, alamu," anatero. "Tanyamula munthu."

Ngati kuti ndikanatha kuthamanga.

Abusa a Margit anachiyang'ana chitini chija pa thebulo lawo, n'kupukuta magalasi awo kwa nthawi yaitali.

"A Elof, iyi ndi miyala."

"Ndi pamene anagona. Chimene chatsala cha iye chili m'menemu."

"Mwina. Koma malamulo a manda sindinapange ndine. Sindingalembe kuti ndaika munthu pamene ndaika mchenga. Akuluakulu a mpingo andifunsa chiyani?"

"Abusa akale aja anamukola pa katekisimu. Inunso?"

"Pepani, a Elof. Pepani ndithu."

Sanakangane nawo, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kugwa kwake kuja. Anabwerera kwa okalamba ndi chitini chake, n'kuchiika pa kathebulo ka pambali pa bedi. Namwino wina watsopano anachitsegula kuti amupangire khofi, wina anatsala pang'ono kuthira miyalayo mumphika wa maluwa, mpaka analembapo ndi zilembo zazikulu kuti asakhudze. Ndinkapita kukamuona Lamlungu. Nkhani zinali zitachepa. Ankangondifunsa ngati madzi akwera, ine n'kuti akwera.

"Ndatopa, alamu," anandiuza tsiku lina.

"Tonse tatopa."

"Inu ndakutopetsani ndine."

"Kwambiri."

Anaseka, mbali imodzi ya pakamwa yokha. Kenako anayang'ana chitini chija.

"Ndamuchotsa pachilumba n'kumuika pa thebulo. Kudikira n'komweko, kungoti kuno kukutentha."

Anamwalira masamba atayamba kufiira, madzulo a tsiku wamba, atangomaliza kudya phala. Tsiku loti titseke bokosi, ine ndi Gunvor tinapempha kuti atisiye naye tokha pang'ono. Sitinapangane chilichonse. Ndinangoona mkazi wanga akutsegula chikwama chake chachikulu chija. Anakweza nsalu ya kumapazi, ine n'kuika chitinicho pakati pa mapazi a Elof, n'kuchitchinjiriza ndi sokosi kuti chisagubuduke.

Kumaliro kunabwera anthu ochepa, monga mmene tatsaliramu. Birger anabwera kuchokera kumzinda ndi ndodo yake, ndipo anaumirira kuti agwire nawo bokosi. Tikutuluka m'tchalitchi kulowera kumanda, pamene njira imatsetsereka, bokosi linapendekeka, ndipo m'kati munamveka timiyala tikuti wayawaya.

"Kodi Elof anameza chiyani?" ananong'ona Birger.

"Yenda, Birger."

"Munthu wowonda ngati uja, kumapazi kukulemera chonchi?"

"Ndati yenda."

Abusa a Margit anali patsogolo pathu penipeni. Anamva, sakanalephera kumva. Anaima pang'ono, osatembenuka, kenako anapitiriza. Ndinkadziona ndikutsegula bokosi pamaso pa anthu, kutulutsa chitini, n'kubwerera nacho kunyumba kuti chikakhale pa thebulo langa mpaka nanenso ndife.

Tinatsitsa bokosi. Abusa anatenga kafosholo kaja, n'kuthira dothi katatu monga mwa mwambo, akunena mawu ake: unachokera kudothi, udzabwerera kudothi, Ambuye adzakuukitsa tsiku lomaliza. Dothi linagwera kumutu kwa bokosi. Tonse tinati zatha, woyambitsa nyimbo anali atakoka kale mpweya. Koma abusa sanabweze kafosholoko. Anayenda pang'ono m'mbali mwa manda mpaka kumapazi, anatapanso dothi, n'kuthira katatu kena, akubwereza mawu omwewo kuyambira poyamba, pang'onopang'ono, osatchula dzina la munthu.

Palibe anafunsa. Birger anavula chipewa chimene anali atangochivala. Gunvor, amene sanalire kunyumba ya okalamba, sanalire potseka bokosi, anandigwira dzanja mpaka kundipweteka. Belu linalira nthawi yaitali kuposa mmene limalirira pa maliro a munthu mmodzi, ndipo woliza belu mpaka lero amati dzanja linangomukakamira pachingwe.

Tsopano tatsala nyumba zowerengeka zofuka utsi m'nyengo yachisanu. Bwato ndinapereka kwa anthu a tchuthi, mgwala uli m'shedi ukuchita dzimbiri. M'mawa ndimakhala pawindo ndi khofi wanga, kuyang'ana nyanja. Kwa zaka zonse zija ndinkadana nayo nyanja imeneyi, chifukwa inali ndi munthu m'kati mwake, ndipo munthuyo anali ntchito yanga. Lero ndi madzi chabe, amakwera, amatsika, amayatsa magetsi a anthu akumzinda. Gunvor amaluka, wotchi imagunda, tsiku limatha popanda wondivutitsa. Zaka zonse ndinkapempha Mulungu kuti ndidzapume. Ndapuma, ndipo ndikumusowa Elof koopsa.